Kusewera kiriketi uku uli pa ntchito ina: njira iti ili bwinoko?

Anthu ambiri anamudziwa Saurabh Netravalkar pa 6 Juni 2024, tsiku lomwe timu ya America inagonjetsa Pakistan pa T20 World Cup ku Dallas. Iyeyu ndi amene anaponya super over ija, mipira yowonjezera yomwe imaponyedwa matimu akafanana marani, Pakistan imafunika marani 19 koma inathera pa 13. Kutacha nkhani yomwe inali mkamwamkamwa sinali ya kaponyedwe kake ayi, inali yoti mkuluyu ndi injiniya wa mapulogalamu a kompyuta ku Oracle ndipo ntchitoyo sanaisiye. Ena anaseka, ena kumutama, koma kwa amene amatsatira kiriketi ya pansi, ya matimu a m'zigawo ndi makalabu, panalibe chodabwitsa apa chifukwa osewera ambiri padziko pano ndi otero, Lolemba ali ku ofesi kapena mkalasi kapena ku munda, Loweruka avala zoyera ali pa wiketi. Ndalama zambirimbiri zomwe timamva za IPL, ligi yaikulu ya ku India ija, zimafika kwa anthu ochepa kwambiri, enawo amachita kudzipezera pogwira. Nde funso nlakuti ngati mnyamata kapena mtsikana ali ndi luso ndipo wafika poti atha kusewera ligi yaikulu ya dziko lomwe akukhala, kaya ndi ku Zimbabwe, ku Joni, ku UK kaya konkuno, moyo wake aukonze bwanji.

Tiyambe ndi chomwe chimapangitsa kiriketi kukhala yovuta kuposa mpira wa miyendo pa nkhani imeneyi, ndi nthawi basi. Gemu ya mpira ndi mphindi 90, munthu atha kuweruka masana nkukasewera madzulo. Gemu ya kiriketi ya first-class, yomwe ndi ya matimu akuluakulu a m'zigawo, ngati ya Logan Cup ku Zimbabwe, Ranji Trophy ku India kapena County Championship ku England, imatenga masiku anayi athunthu, kuphatikizapo tsiku la ulendo ndiye kuti sabata yonse ya ntchito yapita. Ya maova 50 (ova imodzi ndi mipira 6) imadya tsiku lonse kuyambira mmawa mpaka dzuwa kupendeka. T20 yokha, ya maova 20 timu iliyonse, ndi yomwe imatha mu maola atatu kapena kupitirirapo pang'ono. Tsono yerekezani ndi tchuthi chomwe lamulo limapereka: ku Malawi munthu wogwira masiku asanu pa sabata ali ndi masiku 15 pa chaka, wogwira masiku 6 ali ndi 18, ku South Africa ndi masabata atatu, ku UK ndi masiku 28. Kwa wa ku Malawi kapena ku South Africa, magemu anayi a masiku anayi tchuthi chonse chatha, sunapite ku maliro, mwana sanadwale, ku kampu ya timu sunalowe. Ichi nchifukwa chake ine njira iliyonse ndimayamba kuiyeza ndi masiku omwe ikupatse, za malipiro zimabwera pambuyo.

Njira yomwe ili yokoma kumva ndi yosiya zonse nkudzipereka ku kiriketi. Nkhani zake nzosangalatsa zedi. Shamar Joseph wa ku Guyana, wochokera kumudzi wa Baracara komwe amafikako pa boti, anali mlonda, anasiya ulondawo kuti aziponya mpira, ndipo mu Januwale 2024 akusewerera West Indies, mpira wake woyamba mu Test, gemu ya masiku asanu ya pakati pa maiko, anatulutsa Steve Smith wa ku Australia, gemu yotsatira ku Brisbane anatenga mawiketi 7 popereka marani 68 chala cha kuphazi chili chovulala, West Indies nkupambana ndi marani 8. Varun Chakravarthy anaphunzira zojambula mapulani a nyumba, anagwirako ntchitoyo kenaka nkuisiya, mu Disembala 2018 timu ya mu IPL ya Kings XI Punjab inamugula pa marupi 84 miliyoni. Ubwino wa njira iyi ndi woonekeratu, thupi lako lonse ndi mutu wako wonse zili pa chinthu chimodzi, umapita ku neti mmawa kochi ali pompo, umagona mokwanira, timu ikakuitana Lachiwiri kuti wina wavulala iwe Lachitatu wafika. Kwa woponya mwaliwiro izi nzofunika kwambiri chifukwa msana ndi mawondo sizilola munthu yemwe waima tsiku lonse pa kauntala kenaka nkukaponya maova khumi.

Koma tikamakamba za Shamar tizikumbukira kuti alonda ena onse omwe anasiya ntchito nkulephera palibe yemwe anawalembapo nkhani. Ngakhale Varun yemweyo sizoni yake yoyamba anasewera gemu imodzi yokha nkuvulala. Ndipo ngakhale utapeza kontirakiti, sizoti wafika. Ku England komwe zinthu zili bwinoko mu kiriketi ya m'zigawo, kuli makaunti 18 a first-class, ndipo mu 2025 malipiro otsikitsitsa anali mapaundi 20,000 pa chaka kwa wongoyamba ndi 28,000 kwa yemwe wakhazikika, amuna ndi akazi chimodzimodzi. Ukasintha mu makwacha zimaoneka ngati chuma, koma amene amalipira lendi ku Manchester kapena ku Birmingham akuuzani kuti ndi malipiro wamba. Chinanso makontirakiti ambiri ndi a chaka chimodzi kapena ziwiri, mwezi wa Seputembala ukamatha anyamata amakhala mitima ili m'mwamba kudikira kuitanidwa ku ofesi ya kochi. James Taylor anali ndi zaka 26, atasewera kale ma Test 7 a England, pomwe madokotala anamupeza ndi nthenda ya mtima mu Epulo 2016, kusewera kunathera pomwepo. Bungwe la osewera a ku England la PCA, lomwe linayamba mu 1967, ntchito yake ina yaikulu ndi yothandiza anthu kukonzekera moyo wa pambuyo pa kiriketi, chifukwa ambiri amatuluka asanakwane zaka 30.

Kwathu kuno kumwera kwa Africa ngozi yake ndi ina. Mu Julayi 2019 ICC, bungwe loyendetsa kiriketi padziko lonse, inaimitsa Zimbabwe chifukwa choti boma linalowerera pa kayendetsedwe ka kiriketi, ndalama zinatsekedwa, osewera anakhala miyezi osalandira mpaka chiletsocho chinachotsedwa mu Okutobala. Mu Meyi 2021 Ryan Burl, wosewera wa timu ya dziko osati wa kalabu ya kumudzi, anaika chithunzi pa Twitter akumata nsapato zake ndi guluu, kufunsa ngati pangapezeke kampani yowathandiza, Puma nkumuyankha. Ngati wa timu ya dziko akumata nsapato ganizirani wa timu ya chigawo ngati Mountaineers kapena Rhinos yemwe sanaitanidwepo. Ku South Africa mu 2021 anathetsa matimu 6 akuluakulu aja nkubweretsa matimu 15 a m'zigawo mu madivishoni awiri, ndipo pa kusinthako malo a makontirakiti anachepa, anthu ena anangodzuka alibe ntchito. Nde ine maganizo anga, njira yosiya zonseyi ndi ya munthu yemwe kontirakiti ili kale mmanja yosainidwa, kapena wa zaka zosapitirira 22 yemwe ali ndi kwao komwe angabwerere nkudya nsima osafunsidwa mafunso, ndipo adziikire malire, sizoni ziwiri kaya zitatu, zikakanika abwerere ku sukulu.

Njira yachiwiri ndi yomwe ine ndimaiona ngati yanzeru kwambiri ikapezeka, yolembedwa ntchito ndi bungwe lomwe likukufuna chifukwa cha masewerawo. Ife a ku Malawi izi sizachilendo, timaziona mu mpira wa miyendo: Blue Eagles ndi ya apolisi, Moyale Barracks, Kamuzu Barracks, Red Lions ndi MAFCO ndi za asilikali, ku Zambia kuli Green Buffaloes ndi Red Arrows. Mu kiriketi eni ake a njira imeneyi ndi amwenye. Kampani ya sitima za pamtunda ya boma la India ili ndi timu yake mu Ranji Trophy, dzina lake Railways, ndipo inatengapo chikhochi kawiri, sizoni ya 2001/02 ndi ya 2004/05. Asilikali nawo ali ndi yawo, Services. Mabanki, makampani a mafuta, a ndege, a msonkho, onse amalemba osewera. MS Dhoni kuyambira 2001 mpaka 2003 ankayang'ana matikiti pa siteshoni ya Kharagpur uku akusewera kiriketi ya m'zigawo, kumapeto kwa 2004 nkuti ali mu timu ya India. Joginder Sharma, yemwe Dhoni anamupatsa ova yomaliza pa fainolo ya T20 World Cup ya 2007 ku Johannesburg, anadzakhala wapolisi wa udindo waukulu ku Haryana. Kiriketi ya amayi ku India kwa zaka zambiri inkapumira ku Railways komweko, Mithali Raj ndi Harmanpreet Kaur onse anadutsako.

Chomwe chimakoma apa nchakuti bwana wako sakudabwa ukamapempha sabata yopita ku gemu, anakulembera zomwezo. Malipiro amabwera mwezi ndi mwezi kaya wamenya 100 kaya watuluka ndi ziro, ukavulala sakuchotsa, ukakalamba umangosamukira pa desiki nkudikira penshoni. Mu sizoni ya 2020/21 korona itavuta Ranji Trophy sinaseweredwe konse, koyamba chiyambireni mu 1934, ndipo popeza osewera a m'zigawo kumeneko amalandira potengera masiku omwe asewera, amene analibe ntchito ina anaona zakuda mpaka bodi ya kiriketi ya India inadzalengeza chipukuta misozi cha theka mu 2021. Omwe anali ku Railways kapena ku banki mapoto sanagone. Kuipa kwake kulipo kuwiri. Koyamba ntchitozi nthawi zambiri ndi za pansi, umalowa ngati kalaliki ndipo anzako a mu ofesi akamakwera iwe uli ku neti, pofika zaka 35 umapezeka ukulamulidwa ndi mwana yemwe unamulandira. Kwachiwiri nkwakuti moyo wako wonse uli mmanja mwa mfundo za anthu ena. Ku Pakistan matimu a makampani ngati PIA, Habib Bank, WAPDA ndi Sui Northern Gas ndi omwe ankadyetsa osewera kwa zaka zambirimbiri, koma mu 2019 nthawi yomwe Imran Khan anali nduna yaikulu, anawachotsa mu mpikisano waukulu nkusiya matimu 6 a m'zigawo, makampani ena anatseka matimu awo ndipo anthu ambiri anataya ntchito ndi kiriketi tsiku limodzi. Anadzawabwezeretsa mu 2023 koma zaka zinayi kwa wosewera ndi zambiri, ena sanabwererenso.

Ndipo tinene zoona, njira iyi mu kiriketi ya kumwera kwa Africa kuno siyopezekapezeka. Chomwe chimafananako ndi sukulu zomwe zili ndi mabwalo a kiriketi, zimalemba wosewera ngati mphunzitsi wa masewera kapena kochi, ndipo izi zikutifikitsa ku njira ina yomwe anthu amainyoza koma ndi yabwino, yogwira ntchito mkati mwa kiriketi momwemo. Kukocha ana, kukonza bwalo, kukhala ampaya, kulemba masikolo, kugulitsa mabati ndi mapadi. Nathan Lyon wa ku Australia mu 2010 anali mgulu la okonza bwalo la Adelaide Oval, kutchetcha kapinga ndi kuyendetsa rola, makochi anamuona akuponya mu neti, pofika Ogasiti 2011 anali ku Galle ku Sri Lanka akusewera Test ndipo mpira wake woyamba anatulutsa Kumar Sangakkara, pano anadutsa mawiketi 500. Sikuti aliyense wotchetcha kapinga adzakhala Lyon ayi, koma taonani chomwe ntchitoyo inamupatsa, anali pafupi ndi neti tsiku lililonse komanso pamaso pa anthu osankha timu. Vuto lake ndalama zake nzochepa ndipo zimayenda ndi sizoni, komanso kukocha kumatopetsa mwa mtundu wake, ukakhala waponyera ana mipira maola anayi phewa limakhala latha, zako zomwe sungapangenso. Ndipo bodi ikagwa mavuto a ndalama ngati zija za 2019 ku Zimbabwe, ntchito ndi masewera zimagwera limodzi.

Pafupi ndi iyi pali ija yothamangitsa dzuwa. Sizoni ya kumwera kuno imayenda cha mu Okutobala mpaka Malichi, ya ku England Epulo mpaka Seputembala, nde anyamata ambiri a ku Zimbabwe ndi South Africa akamaliza kwawo amakwera ndege kukasewerera kalabu ya ligi ya Loweruka ku England, Scotland kapena Ireland, kalabu imapereka tikiti, pogona ndi kandalama, iwe umasewera kumapeto kwa sabata nkumakocha ana mkati mwa sabata. Si zatsopano, Learie Constantine wa ku Trinidad anasewerera Nelson mu Lancashire League kuyambira 1929 mpaka 1937, ndipo mkuluyu pambuyo pake anadzakhala loya mu 1954. Apa chenjezo langa ndi la mapepala, malamulo a viza a ku UK amasiyanitsa munthu wobwera kudzasewera mongosangalala ndi wolipidwa, ndipo amene wapita ndi viza ya mlendo nkumalandira ndalama kapena kugwira maganyu a pambali akuika pachiswe tsogolo lake ndi la kalabuyo. Khomo la Kolpak, lamulo lomwe linkalola osewera a maiko ngati Zimbabwe ndi South Africa kusewera mu makaunti osawerengedwa ngati akunja, lomwe Blessing Muzarabani analowera ku Northamptonshire mu 2018 linatsekedwa kumapeto kwa 2020 UK itatuluka mu EU. Komanso moyo woterewu umakoma uli ndi zaka 23 wopanda banja, ukadzafika 32 CV yako ilibe china koma masizoni.

Tsopano njira yomwe ambiri mwa owerenga pano ingawakhudze, ntchito yeniyeni ya digiri kapena ya luso lina, kiriketi nkumaseweredwa mmipata. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo pali makochi ambiri omwe amakhulupirira zimenezo, koma mbiri ya kiriketi ili ndi anthu ochuluka omwe sanavumbwe. Rudie van Vuuren wa ku Namibia ndi dokotala, ndipo mu 2003 anasewera World Cup ya kiriketi kumayambiriro kwa chaka, komwe anatenga mawiketi 5 pa England, nkukapezekanso mu timu ya World Cup ya rugby ku Australia kumapeto kwa chaka chomwecho. Timu ya Ireland yomwe inatulutsa Pakistan mu World Cup ya 2007 ku Jamaica inali yodzaza ndi anthu a ntchito zawo, Kyle McCallan anali mphunzitsi. Dwayne Leverock wa ku Bermuda, chimunthu chija chinawakha mpira ndi dzanja limodzi pa gemu ya India chaka chomwecho, anali wapolisi. Shane Bond asanakhale woponya woopsa wa New Zealand analinso wapolisi. Ku Australia Georgia Redmayne wakhala akusewerera Queensland ndi Brisbane Heat uku ali dokotala. Netravalkar uja naye nkhani yake ndi yomweyi, anasewerera India ya osapitirira zaka 19 mu 2010, anasewera gemu imodzi ya Ranji mu timu ya Mumbai, ataona kuti mzere ndi wautali anapita ku yunivesite ya Cornell ku America mu 2015 kukapanga masitazi, kiriketi inadzamupezanso konko.

Koma ntchito zonse sizofanana pa nkhaniyi, ndipo apa mpomwe anthu amalakwitsa posankha. Ntchito ya pa kompyuta yomwe bwana amangofuna kuti zinthu zituluke, osati kuti akuone pa mpando, ndi yomwe ili pamwamba, umatha kugwira uli ku hotela gemu itatha, ngakhale kunena zoona kutsegula laputopu utaima pa dzuwa maola 6 si masewera. Uphunzitsi umabwera pachiwiri chifukwa cha maholide komanso umaweruka dzuwa likadalipo, koma mpikisano ukagwa mkati mwa teremu, makamaka nthawi ya mayeso, ahedi sangakumvetse ndipo akulondola. Za chipatala zimatheka pokhapokha ngati ukugwira mwa mashifiti oti utha kusinthana ndi anzako, apo ayi naiti ikakugwera Lachisanu Loweruka ukaponya ngati waledzera. Zovuta kwambiri ndi za mu shopu, mu hotela ndi mu lesitilanti chifukwa tsiku lomwe bizinesi imatentha ndi Loweruka, tsiku la gemu. Uloya ndi kuwerengetsa ndalama zaka zoyambirira zimafuna munthu yense. Zafar Ansari anaziona zimenezi, anaphunzira ku Cambridge, anasewerera Surrey, anasewera ma Test atatu a England mu 2016, koma mu Epulo 2017 ali ndi zaka 25 anangosiya yekha, pambuyo pake nkukhala loya. Sybrand Engelbrecht anasiya kiriketi ku South Africa nkulowa ntchito ya zachuma, ntchitoyo inamupititsa ku Netherlands, anayambiranso kusewera ku kalabu, mu World Cup ya 2023 anali mu timu ya Netherlands yomwe inagonjetsa South Africa ku Dharamsala ku India, koma mu Juni 2024 anasiyanso kuti aone za ntchito ndi banja. Ndiye kuti ngakhale kwa omwe zikuwayendera, ziwirizi zimayenda limodzi kwa zaka zingapo chabe, kenaka chimodzi chimagonja.

Mtengo wake wina womwe sukambidwa ndi wa luso lenilenilo. Wosewera wa kontirakiti amamenya mipira mazanamazana pa sabata, ali ndi fizio, ali ndi jimu, ali ndi munthu womuonetsa mavidiyo a adani. Iwe wa ku ofesi uli ndi Lachiwiri ndi Lachinayi madzulo, mwinanso kukuda. Mu T20 kusiyanaku kumabisika, ova imodzi yabwino imasintha gemu, nchifukwa chake matimu ang'onoang'ono amagwetsa akuluakulu mu mtundu umenewu. Mu gemu ya masiku anayi sikubisika, tsiku lachitatu masana miyendo imaulula yokha yemwe amakhala pa desiki. Nde ngati maloto ako ndi Test, njira iyi ikuchedwetsa. Ngati dziko lako limasewera T20 basi, palibe chomwe ukutaya kwenikweni.

Apa mpomwe Malawi ikulowa. ICC inalamula kuti kuyambira Januwale 2019 magemu onse a T20 a amuna a pakati pa maiko omwe ndi mamembala ake aziwerengedwa ngati a international, ndipo Malawi inasewera ake oyamba mu Novembala chaka chomwecho ndi Mozambique pa Kwacha Cup, ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Kwa wosewera wa dziko ngati lathu kiriketi imabwera mwa mipikisano, sabata imodzi kapena ziwiri za ma qualifier kuphatikizapo kampu, kenaka miyezi ya zii. Ndondomeko yotereyi imagwirizana ndi ntchito kapena sukulu kusiyana ndi ya Logan Cup, bola bwana adziwe masiku ake msanga. Ndipo ndinene mosapsatira, mnyamata wa ku Blantyre yemwe akuganiza zosiya koleji chifukwa waitanidwa ku timu ya dziko akufunika wina amukhazike pansi. Ngakhale ku Netherlands, dziko lolemera lomwe limapita ku World Cup, Paul van Meekeren mu 2020 T20 World Cup itaimitsidwa ankaperekera anthu chakudya pa Uber Eats kuti adutse nyengo yozizira.

Yatsala ndi ya kudzilemba wekha, bizinesi kapena ulimi. Eddo Brandes wa ku Zimbabwe anali mlimi wa nkhuku, mu World Cup ya 1992 ku Albury anatenga mawiketi 4 Zimbabwe nkugonjetsa England ngakhale Zimbabweyo inali itangomenya marani 134 okha, ndipo mu Januwale 1997 ku Harare anawachitanso hat-trick angerezi omwewo, kutulutsa atatu pa mipira itatu yotsatizana. Pa pepala iyi ndi njira yabwino chifukwa palibe wopempha chilolezo. Koma aliyense yemwe anasungako nkhuku kapena kukhala ndi kashopu akudziwa kuti bizinesi yaing'ono ndi bwana wankhanza kuposa wa ku ofesi, ukachokapo masabata awiri umapeza sitoko yachepa, ndalama sizikuoneka ndipo aliyense ali ndi nkhani yake. Imatheka ngati pali mkazi, mwamuna kapena m'bale wokhulupirika yemwe akuyendetsa zinthu iwe kulibe, kapena ngati geni yake ndi yoti utha kuitseka nkudzaitsegulanso osataya makasitomala, monga kujambula zithunzi, kukonza mawebusayiti kapena kuphunzitsa anthu ku jimu. Ndipo mpamba wake uchokere kwina, osati uzidikira alawansi ya ku mpikisano.

Kwa amene wasankha kukhala pa ntchito ya munthu wina, pali tinthu tingapo tomwe timapulumutsa. Nkhani ya kiriketi inenedwe pa intavyu pomwe, osati kudzaitulukira mwezi wachitatu ndi kalata ya ku bodi mmanja. Mgwirizano wa masiku ukhale wolembedwa, chifukwa bwana wokonda masewera uja tsiku lina adzasamutsidwa nkubwera wina yemwe sadziwa nkomwe kuti wiketi nchiyani. Tchuthi chosalipidwa ndi bwenzi lako, ndi bwino kutaya malipiro a sabata ziwiri kusiyana ndi kunamizira matenda kenaka dzina lako nkumaoneka pa sikobodi ya pa intaneti, poti masiku ano ngakhale magemu ang'onoang'ono amaonetsedwa pa YouTube. Ufunsenso za inshulansi, ukathyoka chala pa gemu ya kalabu alipira ndani, chifukwa kwa dokotala wa maopaleshoni, telala kapena makaniko chala chimenecho ndiye ntchito yonse.

Chinanso choti muganizire ndi mtundu wa wosewerayo, poti matupi sakalamba mofanana. Woponya mwaliwiro zaka zake zabwino ndi zochepa ndipo zimabwera msanga, ngati pali yemwe ndingamumvetse atati sukulu idikire kaye sizoni ziwiri ndi ameneyu, bola malo ake ku koleji awasungitse mwa dongosolo. Womenya ali ndi mpata wotalikirapo, ambiri amakhwima cha mma 27 mpaka 32, nde atha kumaliza digiri kaye osataya zambiri. Wa sipini, woponya mozungulitsa mpira osati mwaliwiro, ndiye asathamange nkomwe, luso lake limakula ndi zaka ndipo silifuna thupi la mkango, atha kugwira ntchito yake bwinobwino nkumasewera ku kalabu kwa nthawi yaitali. Pravin Tambe anakhala akusewera kiriketi ya makalabu ku Mumbai uku akugwira ntchito, osasewerako first-class ngakhale gemu imodzi, mpaka Rajasthan Royals inadzamutenga mu IPL ya 2013 ali ndi zaka 41.